Chiwongolero cha boti la matanga chikayamba kulira

Phokoso la chiwongolero sindiyamba ndalithira oyilo. Oyilo amalitontholetsa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, koma vuto limapitirira kudya chitsulo mwakachetechete. Choyamba ndimafuna kudziwa pamene phokosolo likuchokera, ndipo ntchitoyi ndi ya anthu awiri.

Ndimaigwira m'mamawa boti lili pa nangula, nyanja isanavunduke. Kuno ku Mangochi, kaya ndi ku Monkey Bay kaya ku Cape Maclear, miyezi ya mwera mafunde amagwedeza tsigiro lokha, ndiye simungasiyanitse kugogoda kwa madzi ndi kwa chitsulo. Mnzanga amaima pa chiwongolero, ine ndimalowa ndi tochi m'kachipinda ka kumbuyo, pansi pa malo oimapo woyendetsa. Timapangana kuti asapotoze ndisanafuule. Chala chikapanidwa pakati pa waya ndi gudumu sichituluka chathunthu.

Makina ake ndi osavuta. Shafiti ya chiwongolero ili ndi gudumu la mano, ndipo tcheni chimakwera pamenepo ngati cha njinga. Nsonga ziwiri za tchenicho zimalumikizidwa ku mawaya otsikira m'kati mwa mzati umene chiwongolero chimakhalapo. Mawayawo amakhota pa timagudumu tiwiri pansi pa mzati n'kukazungulira quadrant, chitsulo chomangidwa ku mtengo wa tsigiro.

Mnzanga akamapotoza pang'onopang'ono, ndimagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa chigawo chilichonse, chigwiriro chake ndili nacho kukhutu. Kulira kosalekeza kwa tswii kawirikawiri ndi kagudumu kouma, kapena buleki ya chiwongolero imene sinamasuke yonse. Keche keche wobwerera pamalo amodzimodzi ndi mfundo ya tcheni youma ndi dzimbiri. Koma kho womveka pongosintha mbali ndiye ndimamuopa, chifukwa amatanthauza kuti china chakhwepa: waya, mabawuti a quadrant, kiyi (kachitsulo koletsa quadrant kuterereka pa mtengo wa tsigiro), kapena mabeyaring'i a tsigirolo.

Ngati khutu silinandiuze bwino, ndimagawa makinawo pawiri. Ndimajambula ndi foni mmene mawaya adutsira, chifukwa m'maboti ambiri amapingasana m'kati mwa mzati, ndipo mukawabwezera molakwika boti limakhotera kumanzere inu mukupotozera kumanja. Ndimamata tepi pa mabawuti okokera waya posonyeza pamene nati inali, ndimamasula, kenako ndimaika chigwiriro chapangozi, chowongolera boti chiwongolero chikalephera, pamwamba pa mtengo wa tsigiro n'kulipotoza ndi manja. Phokoso likatha, vuto lili kumtunda, ku mawaya, timagudumu kapena tcheni. Likapitirira, lili ku tsigiro.

La ku tsigiro nthawi zina silifuna n'komwe sipanala. Madzi athu ndi oyera, choncho munthu amangovala magalasi n'kumira. Ulusi wa ukonde wa asodzi umakonda kukulungika pampata wa pakati pa tsigiro ndi mimba ya boti, ndipo mpeni umathetsa nkhaniyo. Muli pansipo gwirani tsigiro kunsonga ndi kuligwedeza. Likamagogoda, mabeyaring'i adyeka, ndipo kuwasintha kumafuna kutulutsa boti m'madzi. Akakhala apulasitiki musawapake girisi wa galimoto, atsukeni ndi madzi okha.

Kumtunda ndimayamba ndi waya. Ndimamupukuta ndi kansalu konyowa oyilo kuchokera ku tcheni mpaka ku quadrant. Kansaluko kakakola, ndiye kuti timawaya tina tathyoka, makamaka pamene amapinda pa kagudumu. Ngakhale kamodzi kokha kathyoke, wayayo watha ntchito. Wosinthira akhale wa stainless wofewa wa 7x19 (zingwe 7 za timawaya 19 chilichonse), wamulingo wofanana ndi wakale, kawirikawiri mamilimita 5 kapena 6. Wouma wa 1x19, womangira mlongoti, sapinda pa timagudumu ndipo amathyoka msanga. Kumapeto aliwonse ndimaika makilampu osachepera awiri, chishalo chake (kachitsulo kokhala pansi pa manati) chili ku waya wonyamula katundu, osati ku kamchira.

Timagudumu ndimatizunguza ndi chala waya atachoka. Kogwedera m'mbali kadya bushi. Ndimayang'ananso ufa wachitsulo pansi pake komanso kunyezimira mbali imodzi ya ngalande ya kagudumu, momwe waya amadutsa: zimenezo zikusonyeza kuti waya sakulowa molunjika, akukhula m'mphepete. Pamenepo oyilo sathandiza, kagudumuko kayenera kumasulidwa n'kuwongoleredwa. Bolodi lachitsulo limene timagudumu timamangidwapo limachita dzimbiri ndi madzi a mvula olowera mu mzati, ndiye ndimaligogoda kuti ndimve ngati likadali lolimba.

Kuti tcheni chioneke, kampasi ya pamwamba pa mzati iyenera kuchoka. Ndimaika chizindikiro kuti ibwerere moyang'ana chimodzimodzi, ndi kutseka dzenje ndi nsalu kuti bawuti isagweremo. Tcheni ndimachitsuka ndi parafini ndi kaburashi, n'kuona ngati mapini a mfundo zolumikizira alipo onse. Tcheni cha njinga yamoto musachiyese, ngakhale chitakwana pa mano: chimachita dzimbiri ndipo chimasokoneza kampasi.

Tsopano ndiye oyilo. Wa injini wa SAE 30 ndi wokwanira, wopyapyala pa tcheni ndi pa waya, madontho awiri kapena atatu pa pini ya kagudumu kalikonse. Girisi ndi wa mabeyaring'i a shafiti ya chiwongolero basi. Pa tcheni amagwira mchenga umene timabwera nawo kumapazi, n'kusanduka chokhulira. WD-40 ndi yomasulira zouma, sikhalitsa.

Pokoka mawaya ndi pamene ambiri amalakwa, amamanga mpaka waya kulira poganiza kuti kulimba ndiko chitetezo. Waya wothina amadya mabushi ndipo chiwongolero chimalemera. Ine ndimaika tsigiro pakati, ndimamanga mbali zonse mofanana, theka la kuzungulira uku, theka uko, mpaka kho uja atasiya. Kenako mnzanga amapotoza mpaka kumapeto n'kukanikiza. Waya wa mbali yopuma akhwepe pang'ono koma asatuluke m'ngalande. Ndimaonetsetsanso kuti quadrant ikugunda choimitsira chake, pa madigiri pafupifupi 35 mbali iliyonse, nsonga ya tcheni isanafike pa mano. Ndikatero ndimatseka ndi nati yachiwiri. Waya watsopano amatamuka, choncho pambuyo pa ulendo woyamba wa mphepo yamphamvu ndimalowanso pansi ndi sipanala ziwiri.