Za lichero lija, mumve kwa mwini wake

Choyamba, moto kunalibe. Amene akufalitsa zoti pa Chitakale panafuka utsi mpaka akabaza kuthawa ndi njinga zawo akunama, ndipo woyambitsa bodzalo ndikumudziwa. Kunangomveka fungo basi. Lichero lokha ndilo sindikana, koma mumve kaye mmene linalowera m'shopu mwanga.

Kompyuta yanga ija yoikira nyimbo m'mamemore ndi kukonzera mavidiyo a maukwati ili ndi purosesa, ubongo wake wa kompyuta, ya i5-2500K. Mapurosesa a Intel okhala ndi K kumapeto amalola kuti uwathamangitse kuposa liwiro la kufakitale, lomwe pa yangayi ndi 3.3 GHz. Chimandimanga manja chinali motherboard, bolodi lalikulu lija lomwe purosesa imakhalapo. Yanga inali ya H61, yomwe siilola zimenezo ngakhale uigwadire. Ndiye nditapeza ya Z77 yakaunjika ku Limbe, soketi yake yomweyo ya LGA1155, ndinabwera nayo pa minibasi nditaifungatira, ndikukangana ndi kondakitala amene amafuna kundisanjikira thumba la kabichi pamiyendo pa Bvumbwe.

Ukasamutsa purosesa pamafunika thermal paste watsopano, kaphala kaja kopaka pakati pa purosesa ndi chitsulo cha fani. Wanga ndinapeza atauma gwa m'kachubu. Ku Limbe si pafupi, ndipo aliyense amene anamuonapo thermal paste akudziwa chimene amafanana nacho. Ndinapaka mankhwala otsukira mano. Sekani, koma pa intaneti alipo anthu anayesa zimenezi, ndipo kwa kanthawi zimagwira ndithu. Komanso unali mwezi wa June, chiperoni chitatseka phiri lonse. Kutentha aziopa a ku Nsanje, osati ife okhala m'tsinde mwa Sapitwa.

Mu BIOS, momwe umasinthira kagwiridwe ntchito ka motherboard, ndinakweza multiplier, nambala yolamulira liwiro la purosesa, kuchoka pa 33 kufika pa 45. Inayaka bwinobwino, 4.5 GHz, mafoda kumatseguka ndisanamalize n'kudina komwe. Ambiri amalekera pamenepo, ndipo amakhala ndi fani yaikulu. Ine ndinali ndi kafani kaja kobwera ndi purosesa m'bokosi mu 2011. Koma munthu wataya ndalama zonsezo, osafuna kuona pomwe mphamvu yake ikuthera? Ndinalemba 50, voteji n'kuikankhira ku 1.5.

Apa mpamene anatulukira mayi a mkwatibwi wina, atavala chitenje cha ukwati womwewo, kudzatenga vidiyo.

"Mwandiyendetsa mokwana, achimwene."

"Lero mutenga, amayi. Makina ndawonjezera mphamvu. Khalani pabenchipo."

Ndinayambitsa vidiyo ija kuti ituluke. Manambala a kutentha anayamba kukwera: 78, 85, 91. Purosesa imeneyi malire ake ndi 98. Kafani kanayamba kulira mawu amene sindinawamvepo. Kenako fungo. Fungo labwino, lozizirira m'mphuno, lodzaza shopu yonse.

Mayi aja ananunkhiza kawiri. "Kodi muno mumazulanso mano?"

Ndinamasula chivundikiro cha m'mbali, ndinatsegula chitseko ndi windo. Chiperoni chija, chimene chimatinyowetsa mabulangete chaka ndi chaka, tsiku limenelo chinangoima panja. Ndinathamangira kwa mayi ogulitsa mtedza pakhonde, ndinabwereka lichero. Ndikubwereza, kubwereka. Koma ine ndimayenera kuyang'ana manambala, ndiye wokupiza anali ndani?

Taganizirani mayi aulemu wawo, duku lili m'mutu, atagwada pasimenti, akukupiza kompyuta ngati mbaula yokana kuyaka.

"95, amayi! Limbikani!"

"Tikukupiza kuti uzime kapena kuti uyake?"

"Kupizani basi! 94!"

Akabaza anali atadzaza kale pakhomo, aliyense kubwereza nambala kuti amve a kumbuyo. "Akuti 94!" Itatsika pa 93 wina anaimba mluzu, mayi aja n'kuwonjezera liwiro, zibangili zili ngwerengwere. Pasikirini nkhope ya mkwati inali itaima malo amodzi, kukamwa kuli yasa, akudikira keke yomwe siimafika. Makoko a mtedza amene anatsalira m'lichero anauluka onse kulowa m'kompyuta, kafani kanawalandira n'kumawaponyera kunja, ena pa duku la mayi aja. Fungo linasintha. Tsopano munali mankhwala a mano ndi mtedza wokazinga, ndipo mwana wina pakhomo anafunsa ngati tikugulitsa.

Sikirini inasanduka ya buluu, kenako bii.

Mayi aja anakupizabe kwa kanthawi, poti palibe anawauza kuti asiye.

Poyatsanso, mafani amazungulira koma pasikirini palibe kanthu. Ndinachotsa kabatire kaja ka CR2032 pa motherboard kuti BIOS iiwale zonse ndinaiuza, ndipo inadzuka ili pa 3.3 GHz yake yakale, tsiku litabwerera zaka zambiri m'mbuyo, mpaka Facebook kukana kutseguka kufikira nditakonza deti. Purosesa ili moyo, motherboard ili moyo. Amene mumati zonse zinapsa, bwerani mudzaone, mudzaikitsenso nyimbo.

Vidiyo anatenga mawa lake, atadula ndalama ya ganyu. Mayi a mtedza akuti makasitomala akudandaula fungo la lichero, ndiye ndinagula mtedza wonse wa tsikulo. Koma kuchoka pa 95 kufika pa 93 ndi madigiri 2, ndipo ndinaona ndi maso anga, akabaza ndi mboni.

Thermal paste ndatuma alamu anga. Akuti abweretsa Loweruka, akakumbukira.