Zipewa ziwiri m'khutu limodzi

Ndinaphunzitsa Sitandade 8 kwa zaka 31, ndipo ndimakhulupirira kuti makutu anga anathera pa belu ndi phokoso la ana a eni. Akunyumba amanena zina. Akuti ndinayamba kalekale kusankha zoti ndimve, ukalamba unangondipatsa ponamizira. Zimenezo tizisiye.

Mu 2022 mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Manchester, atabwera kutchuthi anatopa ndi "Wati chiyani?" wanga, n'kunditengera kokayezetsa makutu. Anandigulira makina othandiza kumva, aang'onoang'ono aja. Kabokosi konga nyemba kamabisala kuseri kwa khutu, kawaya kowonda ngati ulusi kamatsika, ndipo kumapeto kwa kawayako kuli kasipika kolowa m'khutu mwenimwenimo. Achipatala amawatchula kuti RIC. Pansonga pa kasipikako amavekapo kachipewa kofewa kangati labala, kamene iwo amati dome. Kanthu kosaposa njere ya khobwe, koma ndiko kanandivula ulemu pamaso pa mitundu iwiri.

Kuti ndisamasokoneze, anandiuza kuti a chizindikiro chofiira ndi a kumanja, a buluu ndi a kumanzere. Ndinati zosavuta, kumanja Bullets, kumanzere Wanderers. Chondiwawa n'chakuti ine ndine wa Manoma chibadwire, koma khutu limene limamvako bwino ndi la Maule.

Mabatire ake ndi a nambala 312, omatidwa kapepala kabulauni. Amayendera mpweya. Ukangomatula kapepalako mpweya umalowa pa timabowo, batire n'kuyamba kutha, kaya ukuligwiritsa ntchito kaya ayi. Tsiku lina akunyumba, pokonza m'dirowa, anatulutsa mabatire onse sikisi m'paketi, n'kumatula timapepala tonse, n'kuwaika mwaukhondo m'kabotolo. Nkhani imeneyi ndinkawakumbutsa pa nsima iliyonse kwa chaka chathunthu. Ndikuinena pano kuti mumvetse chifukwa chake iwo sanandimvere chisoni pa zimene zinatsatira.

Tizipewa tija anandiuza kuti ndizisintha pakapita mwezi kapena iwiri. Ine ndinkangotipukuta ndi kansalu n'kubwezera, mpaka tiwiri totsiriza tinauma n'kusanduka tachikasu ngati mano a fodya. Apa n'kuti chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga chili pafupi ku Bangwe, ndipo ine, monga malume, ndiye wolankhulira mbumba yonse. Akunyumba anati, "Inu bambo, pitani kuchipatala cha makutu ku Blantyre akakupatseni zoyenera." Ndinawerengera ya minibasi kuchokera kuno ku Zomba, kupita ndi kubwera, n'kuona kuti ndi kuwononga. Mnyamata wina wa m'dera lathu amapita ku Joni kukaoda katundu. Ndinamutumizira chithunzi pa WhatsApp, ndipo patapita masabata awiri anandibweretsera kajumbo ka tizipewa 40, pamtengo wosafika wa nkhuku. Pakajumbopo panalembedwa kuti timakwanira pa makina a mtundu uliwonse. Ndinakayendetsa m'nyumba monse ngati chikho cha mpira.

M'mawa wa Loweruka, nditavala suti, ndinakhala pawindo kuti ndiveke tatsopano. Takale tija tinkafuna kukankha ndi chala mpaka kumva kuti tagwira. Tatsopanoti tinangoti lowu, ngati chipewa cha bambo pamutu pa mwana. Tinalinso ndi mabowo m'mbali ngati sefa, pamene takale tinali totseka. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga, n'kunena mumtima kuti ndi chitukuko.

Likhweru linayambira pa Namadzi. Kamawu kakang'ono, kosongoka, "fiiii", kongobwera ndikatembenuza mutu. Kondakitala anayang'ana matayala. Mayi wina anavundukula dengu lake poganiza kuti muli anapiye. Ine ndinathandiza nawo kuyang'ana uku ndi uku mwaulemu, ngakhale ndinkadziwa bwino mwini wake wa mluzuwo.

Titafika, ndinazemba kupita kuseri kwa nyumba kuti ndikonze. Ndinasolola a kumanja, ndipo kasipika kanatuluka kali mbulanda. Chipewa palibe. Ndinati chagwa pansi. Ndinagwada m'fumbi ndi suti yanga, ana atatu n'kumandithandiza kufufuza chinthu chimene sankachidziwa. Mmodzi anandibweretsera chitsekerero cha bolopeni. Nthawi inkatha. Ndinapisa m'thumba, n'kutenga kachipewa kena m'kajumbo kaja, kukaveka, n'kukankhira m'khutu mwamphamvu kuti ulendo uno kasagwenso.

Dziko la kumanja linatsekeka pomwepo, ngati ndamiza mutu mu mgolo wa madzi.

Kumanzere likhweru linkapitirira. Titakhala pamipando yakutsogolo, mnyamata wa zimbale anayamba kumenyamenya maikolofoni yake, kenaka kusintha mawaya, kenaka kukalipira mnzake. Akunyumba ananditsina pantchafu. Milomo yawo ndimaiwerenga ngakhale mumdima: "Vulani chinthucho, mukutichititsa manyazi." Ndinavula a kumanzere n'kuika m'thumba la jekete. Ndiye taganizani, khutu labwino latsekeka, khutu loipa lili lokha opanda wolithandiza, ndipo munthu wake ndi amene wanyamula mawu a banja.

Mphunzitsi wakale sasowa nzeru. Ndinkayang'ana nkhope za anthu, akaseka ndiseke, akaomba m'manja ndiombe. Zinayenda ndithu kwa kanthawi. Ndinkadziwa kuti kutsogoloku kuli kupatsana nkhuku, ife kupereka tambala, iwo kutipatsa yaikazi, ndipo mawu oyamikira ndinali nditawakonza kwa sabata yathunthu. Chimene ndinaiwala ndi masewera aja obweretsa anthu ofundidwa chitenje kumutu mpaka kumapazi, kuti akuchimuna anene ngati ali mkazi amene abwerera. Aliyense amadziwa kuti woyamba sakhala iyeyo. Umakana, anthu aseke, uponye kandalama, abweretse wina.

Anabwera naye woyamba, akuyenda pang'onopang'ono. Maso anga anali pa mtsikana wina kumbuyo kwawo amene anali atanyamula nkhuku. MC analankhula, n'kundilozetsa maikolofoni, anthu onse n'kutembenukira kwa ine. Ndinati nthawi ya nkhuku yakwana. Ndinaimirira, kumanga batani la jekete, n'kutulutsa mawu aja ndinkalankhulira pa asembule:

"Ndi yemweyu! Tamuona kuti ndi wonenepa bwino, wosamalidwa, ndipo ife akuchimuna tamulandira ndi manja awiri. Tinyamuka naye lero lomwe!"

Anavundukula chitenje. Anali agogo ake a mkwatibwi, a zaka zawo zambiri, mkamwa mwatsala mano owerengeka.

Kuseka kwa anthu mazana ukakuona osakumva, kumaopsa. Pakamwa ponse yasa, amayi ena akugwa pamipando, wina akupukuta misozi ndi mpango, zonsezo mwakachetechete ngati TV yothima mawu. Agogowo sanachedwe. Anavina mpaka pamene panakhala mwana wa mlongo wanga, n'kumukhalira pafupi, n'kumukoleka dzanja m'khosi. Mnyamatayo anandiyang'ana, ndipo milomo yake inangoti, "Amalume!" Agogo anakana kuchoka mpaka atawomboledwa, poti akuti malume avomera pagulu. Ndinakhuthula m'matumba monse. Zimene ndinaponya m'mbale tsiku limenelo zikanandipititsa ku Blantyre kangapo, n'kudyanso chipisi panjira.

Usiku, povula makina a kumanja, kasipika kanatulukanso kali mbulanda. Apa mpamene mutu unayamba kugwira ntchito. Akunyumba anabwera ndi tochi, nthenga ya nkhuku ndi mtengo wa machesi, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene ngongole yake yakale yabwezedwa. Ndinakana, ndipo pa mlungu wonsewo ndi nzeru yokhayo imene ndinachita. Lamulungu kutchalitchi ndinangokhala ngati chithunzi.

Lolemba ndinakwera minibasi ija ndinkaithawa. Wondiona anali mtsikana woti akanakhala m'kalasi mwanga. Anasuzumira m'khutu ndi katochi kawo kaja, anakhala chete, kenaka anaitana mnzake kuti adzaonenso. Anatenga kambaniro kowonda, n'kukoka pang'onopang'ono, n'kuika kachipewa m'kambale. Ndinayamba kudzuka kuti ndithokoze.

"Khalani kaye bambo," anandiuza chakumanzere mokweza, "alendo sanathe."

Kachiwiri kanavutirapo, poti ndinali nditakakankhira mkati ndi mnzake uja. Katangotuluka, ndinamva fani ikuzungulira, nsapato m'khonde, ndi mnzake uja akulephera kubisa phwete.

Anandifotokozera mofatsa, monga ndinkachitira ine ndi ana obwereza kalasi. Kampani iliyonse imaumba nsonga ya kasipika mwa njira yake. Ka Phonak ya ku Switzerland n'kosiyana ndi ka Oticon ya ku Denmark, ndipo ngakhale pa kampani imodzi, makina akale ndi atsopano nthawi zina sabwerekana zipewa. Saizi amayeza m'mamilimita: khutu langa ndi la 8, ine ndinagula ta 6. Ta mabowo n'tothandiza amene amamvabe mawu a besi. Kwa ine tinkangotulutsa mawu kunja, maikolofoni ya makina n'kuwatolanso, likhweru lija n'kubadwa. Anandisinthiranso kasefa koyera kotchinga phula pansonga pa kasipika, n'kunena kuti nakonso kali ndi mtundu wake, chimodzimodzi kawaya, kamene kali ndi nambala ya kutalika ndi mphamvu yake. "Mukaveka chipewa muzichikoka pang'ono muone ngati chagwira. Ndipo kasipika kakatuluka kopanda chipewa, musamafufuze pansi."

Sindinamuuze za ana atatu aja.

Tizipewa tiwirito akunyumba anatipempha, ndipo anatiika m'kabotolo komwe kaja ka mabatire, pamwamba pa kabati pomwe mlendo aliyense angafunse. Totsala 37 tili m'dirowa. Ukwati uli mwezi wamawa, ndipo dzulo kwabwera uthenga wochokera ku Bangwe: agogo akufunsa ankhoswe awo kuti diresi akayezetse liti.