Sabata ya ku Phalombe, kusaka madzi m'miyala

Ntchito yanga ndi yosankha malo okumba mijigo. Kumidzi amangotitchula kuti "anthu a madzi", koma zimene ndinaphunzira kusukulu ndi za miyala, ndipo tsiku lambiri limandithera ndikuyang'ana miyala osati madziwo. Sabata yathayi tinali ku Phalombe, m'midzi iwiri: wina m'munsi mwa phiri la Michesi, wina kuchigwa, kulowera ku nyanja ya Chilwa.

Lolemba lonse linathera pa msonkhano ndi kuyendera mudzi woyambawo. Amfumu anali atasankha kale malo, pansi pa mtengo wa mango woyandikana ndi khomo lawo. Sindikuwanena, aliyense amafuna mjigo pafupi. Ndinangoti, "Amfumu, malowa ndawaona, ndi abwino. Koma mutilole tiyambe tafunsa pansipa ngati pakuvomera." Anaseka n'kutipatsa mnyamata woti atiperekeze. Poyenda chotero ndimayang'ana zitsime zakale ndi kufunsa mwezi umene zimaphwa, ndimayang'ana mikuyu imene imakhalabe yobiriwira dzuwa la Okutobala litapsereza zonse, komanso kumene kuli zimbudzi, makola ndi manda, poti kumeneko mjigo suyandikira ngakhale madzi atachuluka bwanji.

Mayi wina wa m'komiti ya mjigo anandifunsa ngati makina athu amamva kulira kwa mtsinje wa pansi. Funso limeneli ndimakumana nalo pafupifupi mudzi uliwonse. Pansi pa midzi yathu yambiri palibe mtsinje kapena dziwe. Pali thanthwe lakale kwambiri, lolimba, losalowa madzi. Koma pamwamba pake thanthwelo linawola, chifukwa mvula ndi kutentha zakhala zikulidya kwa zaka zosawerengeka mpaka linafumbutuka. Madzi a mvula amalowa m'dothi n'kukakhala m'mwala wowolawo monga amakhalira m'chinkhupule, ena n'kutsikira m'ming'alu ya thanthwe lolimbalo. Ndiye chimene ine ndimasaka ndi pamene mwala unawola mozama, kapena pamene pali mng'alu. Mukaphonya mng'aluwo ndi mamita ochepa chabe, mukumba fumbi lokhalokha pomwe mnzanu chapomwepo akutunga.

Ming'aluyo ili ndi gwero lake. Dziko lathu lili pa chigwa chachikulu cha Rift Valley, pamene nthaka ya Africa ikukokeka n'kumang'ambika pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pa chaka. Nyanja ya Malawi inakhala m'malo amene anatitimira chifukwa cha kukokekako, n'chifukwa chake kumpoto kwake imazama mamita pafupifupi 700. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 ndi umboni woti ntchitoyo siinathe.

Lachiwiri tinatulutsa makina oyezera. Timakhoma zitsulo zinayi pamzere, kulumikiza mawaya ku batire, n'kulowetsa magetsi m'nthaka. Thanthwe louma limakana magetsi, mwala wowola wonyowa umawalola kudutsa. Tikamatalikitsa zitsulo za kunja, magetsi amafika pansi kwambiri, ndipo manambala amatiuza pamene dothi lathera ndi pamene thanthwe layambira. Ana anatiunjirira tsiku lonse, ena kulimbirana kunyamula nyundo. Pa mango paja thanthwe linapezeka pafupi kwambiri. Malo amene anaoneka bwino anali kumunsi, m'mphepete mwa munda wa nandolo.

Chimene chinandichedwetsa m'mudzimo si kuyeza ayi, koma miyala ikuluikulu yomwazikana m'minda, ina yotalika kuposa denga la nyumba. Agogo ena amene anabwera kudzaonerera anandilozera umodzi n'kuti, "Mwanawe, uwu sunali pano. Unabwera ndi napolo wa 1991." Ndinagumula kachidutswa ndi nyundo n'kuwapatsa m'manja. Mkati mwake muli timibulu toonekera ndi maso, tina totuwa tonyezimira tikalozetsa kudzuwa, tina takuda. Timibulu totere timakula pokhapokha mwala wosungunuka ukazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka. Mulanje ndi mnzake Michesi anabadwa chomwecho, zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo: mwala wamoto unakwera kuchokera pansi koma sunatulukire kunja, unaumira m'kati. Kenako mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa imene inaukwirira, wolimbawo n'kutsala njo, mpaka lero Sapitwa, nsonga yayitali ya Mulanje, ali pa mamita 3,002.

Akuluakulu amati napolo ndi chinjoka chimene chimasamuka kuphiri kupita kunyanja, ndipo ine sindikangana nawo pabwalo. Chimene ndimaona ndi ichi: m'mapiri amenewa dothi ndi lochepa, lagona pa thanthwe loterera ndi lotsetsereka. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, madzi amalowa pakati pa dothi ndi thanthwe, dothi limalemera, kenako zonse zimanyamuka pamodzi, matope, mitengo ndi miyala. Ndi zomwe zinachitikanso ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, konkuno komanso ku Soche mu Blantyre. Chimene chimandiwawa n'choti miyala ya napolo wakale imaonetsa poyera njira imene wina adzadutse, koma ndinaona maziko atsopano a nyumba pakati penipeni pa miyalayo. Ndinawauza amfumu mosabisa. Anandiyankha kuti malo ena kulibe, ndipo pamenepo ndinalibe choyankha.

Makina okumbira anafika Lachitatu masana. Kompuresa ikalira, kulankhulana ndi kwa manja basi. Ine malo anga amakhala pambali, pamene wothandiza kapitawo amaika kamulu ka zotuluka m'dzenje pa mita iliyonse, mondondozana. Mzere wa timiluto ndiye buku langa. Poyamba panali katondo wofiira, kenako mchenga wosakanikirana ndi zidutswa za miyala ya kuphiri. Apo nyundo ya makina inavutika ndithu, chifukwa mwala wokwiririka umagwedera m'malo mosweka, ndipo kapitawo anandiyang'ana ndi diso lija lakuti mwatibweretsa pati. Titadutsa pamenepo kunabwera dongo loyererako, kenako mwala wowola wofikisika ndi zala, wodzaza ndi tinyenyeswa tonyezimira. Lachinayi m'mawa, chapamamita 30, fumbi linaleka kuuluka, timilu tinayamba kuda ndi chinyontho, ndipo posakhalitsa matope anathovoka m'mwamba. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ine sindisangalala msanga, poti madzi oyamba amanamiza. Tinapitirira mpaka kulowa m'thanthwe lolimba, n'kutsitsa mapaipi, ong'ambidwa timipata aja kuwalunjika pamene madzi akulowera, n'kuthira timiyala m'mbali kuti tizisefa mchenga.

Mudzi wa kuchigwa unali nkhani ina. Kumeneko ndi makande okhaokha, ong'aluka m'chilimwe, ndipo manambala a makina anatsika kwambiri paliponse pamene tinayeza. Wosadziwa akhoza kuvina kuti madzi ndi ambiri, chonsecho dongo ndi madzi amchere zimadutsitsa magetsi kuposa madzi abwino. Ndinalawa a pachitsime china chakale, n'kuviikamo kachipangizo koyezera mchere, zonse zinagwirizana. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ngati Phalombe, Likangala ndi Domasi imathira momwemo, dzuwa limamwa madziwo, mchere umatsala, ndipo nyanjayo imafika pophwa monga inachitira mu 1995 ndi 2018. Kale inali yaikulu kuposa lero, ndiye matope ake amchere ali pansi pa midzi ina ya m'chigwamo. Vuto la madzi amchere ndalionanso ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mjigo watsopano umasiyidwa amayi n'kubwerera kumtsinje. Ndinakana kuti tikumbe. Wapampando wa komiti sanakondwe, anati, "Achimwene, anzathu mwawapatsa, ife mutisiya ndi mapepala?" Ndinawalonjeza kuti tikayeza kumtunda, kumene kukuoneka khwawa lakale lamchenga, ngakhale kuti amayi aziyenda kamtunda.

Lachisanu tinabwerera ku Michesi kukapopa mjigo uja kwa maola angapo osalekeza, ndikuyeza mmene madzi akutsikira m'dzenje ndi mmene akubwererera tikazimitsa. Ndowa ya malita 20 inkadzaza isanakwane mphindi imodzi, zomwe n'zokwanira bwino pampu yopopa ndi manja ya mtundu wa Afridev. Mabotolo a madziwo ndawatumiza ku labotale, ndipo pampu siikidwa mpaka zotsatira zitabwera. Amfumu anabwera kudzaona, analawa, n'kulamula anyamata kuti alambule njira yochokera kwawo kudzera m'munda wa nandolo uja. Mwini munda akufuna kukambirana za mizere imene iwonongeke, ndipo mlandu umenewo ndawasiyira eni mudzi. Ine Lolemba ndikubwerera kuchigwa ndi mawaya.