Mphamvu zitsike kuzigawo

Abale anga a ku Mbare ndi Mufakose mumzinda wa Harare, ine nkhani yotsitsa mphamvu kuzigawo ndimaiikira kumtima kwambiri. Taonani ku Scotland: anavota mu 1997, pofika 1999 nyumba yawo ya malamulo inatsegulidwa ku Edinburgh. Zipatala ndi sukulu amayendetsa okha, boma la Britain ku London linatsala ndi zinthu monga asilikali ndi ubale ndi mayiko ena. Dziko silinagawanike ayi.

Kuno ku Zimbabwe malamulo aakulu a 2013, mutu 14, analonjeza makhonsolo a zigawo, komanso m'mutu 17 analonjeza kuti ndalama zosachepera 5 peresenti ya zomwe boma latolera zizipita kuzigawo ndi kumakhonsolo. Koma amayi akadali pamzere pamjigo ndi zigubu mbandakucha. Ndalamazo zifike, ndipo ogamula zake akhale anthu oti tingawapeze ndi kuwafunsa pamaso!