Ulendo wathu wa ku Hartebeesthoek, komwe amamvetsera nyenyezi zikubadwa

Tinanyamuka ku Johannesburg Loweruka m'mamawa, anthu 14 a m'gulu lathu la aphunzitsi a sayansi ochokera kumudzi, tonse m'minibasi imodzi. Hartebeesthoek, malo ofufuzira zakuthambo ku South Africa, ili m'chigwa, ndipo mapiri ozungulira amatchingako phokoso la mawailesi a m'tauni. Tisanalowe anatipempha kuzimitsa mafoni.

Chimbale chake cholandirira mafunde a wailesi ochokera kuthambo n'chachikulu mamita 26. A NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, anachimanga mu 1961 kuti azilondolera zombo za mumlengalenga, ndipo atachoka m'zaka za m'ma 1970 chinasanduka khutu la akatswiri a nyenyezi. Anzanga anatanganidwa kuchizungulira, koma ine mtima unatsalira pa zimene anatifotokozera mayi wina wofufuza pamenepo.

Nyenyezi, anatero mayiwo, imabadwira m'kati mwa mtambo wa mpweya ndi fumbi, wozizira pafupifupi madigiri 260 pansi pa ziro. Mpweya umazungulira khandalo ngati lichero n'kumagwera pakati. Koma silimeza wonse. Wina limaulavula kumwamba ndi kunsi, m'mizere iwiri yothamanga makilomita oposa 100 pa sekondi. Kulavulako n'kumene kumachepetsa liwiro la kuzungulira kuti mpweya wotsalawo uthe kugweramo.

Bambo wina wophunzitsa chemistry anafunsa kuti: "Nanga mayi, m'kuzizira koteroko mankhwala angapangike bwanji?" Yankho lake linandigwira mtima. Pa timbewu ta fumbi pamaundana ayezi, ndipo pamenepo carbon monoxide imalumikizana ndi hydrogen pang'onopang'ono mpaka kukhala methanol, poizoni yemwe uja timachenjeza ana kuti amachititsa khungu akapezeka mu kachasu. Nyenyezi ikayamba kutentha, kapena mizere ija ikawomba mtambo, ayeziyo amasanduka nthunzi ndipo methanol imamasuka. Pafupi ndi nyenyezi zikuluzikulu methanol imawala kwambiri m'mafunde a wailesi a 6.7 GHz, kuwala kumene katswiri wa nyenyezi Karl Menten anakupeza mu 1991, ndipo kumadutsa fumbi lomwe maso sangaboole.

Anationetsa pa kompyuta girafu ya G9.62+0.20, dera lobadwiramo nyenyezi zikuluzikulu, lomwe kuwala kwa methanol yake kumakwera n'kutsika pa masiku pafupifupi 244 aliwonse. Chimbale chomwechi n'chimene chinatulukira zimenezi, poyang'ana malo amodzi kwa zaka mosatopa.

Pobwerera tinagwirizana kuti phunziro la ma alcohol, gulu la mankhwala lomwe methanol ilimo, tiziliyambira pa fumbi lozizira lija. Ine ndayamba kale ndi kalasi yanga Lachiwiri lapitali, ndipo belu linalira ana akadali ndi mafunso.