Kakolo wa amayi

Anzanga, dzulo tinali kuchipatala ndi amayi. Kakolo uja amatupa n'kuuma m'mawa uliwonseyu, akuti ndi nyamakazi. Adokotala ataona X-ray anafunsa ngati anathyokapo kale. Amayi kuseka: "Ndinagwa m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana, iwe usanabadwe." Eti pamene panathyokapo kapena kubinya kwambiri, kamnofu koterera kokuta nsonga za mafupa kamatha pang'onopang'ono, patapita zaka mafupa n'kumakhulana. Ife tinkangolimbana ndi kuwatema mphini!

Awapatsa Brufen, koma azimwa atadya, poti amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba. Azizunguliza phazi akadzuka, patapata asiye, azivala nsapato zolimba. Ndodo yokha akukanitsitsa, ati sanakalambe.

A ku Luchenza, nsapato zabwino za kaunjika zikupezeka pati?