Nyumba nambala 48 ya Maeve Brennan

Ndakhala masabata atatu ndikuwerenga nthano za Maeve Brennan, ndipo chimene chandikhalira mumtima ndi kanyumba kamodzi ka mu mzinda wa Dublin ku Ireland, nambala 48 pa Cherryfield Avenue ku Ranelagh, kamene mayiyu anakuliramo asanawoloke nyanja.

Iye anabadwa mu 1917, bambo ake a Robert Brennan ali m'ndende chifukwa chotenga nawo mbali pa kuukira ulamuliro wa Britain mu 1916. Mu 1934 bambowo anatumizidwa ku Washington kukaimira dziko la Ireland, ndipo banja lonse linasamuka, Maeve ali ndi zaka 17. Makolo ake atabwerera kwawo, iye anatsalira ku America, ndipo mu 1949 anayamba ntchito ku magazini ya The New Yorker.

Kumeneko analemba zinthu za mitundu iwiri. Nkhani zake zazifupi zofotokoza za mzinda wa New York, zimene ankazisaina ndi dzina loti The Long-Winded Lady, ndi za munthu wokhala yekha pafupi ndi zenera m'lesitilanti, akuyang'ana odutsa mumsewu ndi nyumba zakale zikugwetsedwa. Mwini wakeyo ankangosamuka kuchoka mu hotela ina kupita mu ina. Koma akatembenukira ku nthano zopeka, cholembera chake chinkabwerera ku Ranelagh, ndipo mabanja awiri amene anawapeka, la a Derdon ndi la a Bagot, anawaika m'nyumba yofanana ndi ya makolo ake, yokhala ndi masitepe opapatiza ndi kadimba kumbuyo. Chodabwitsa n'chakuti m'nyumbamo mulibe chisangalalo chochuluka. Rose ndi Hubert Derdon amakhala pansi pa denga limodzi zaka zambirimbiri akuopana ndi kusungirana mangawa, aliyense akumvetsera mapazi a mnzake. Ine ndinkayembekeza kuti wolemba wosowa kwawo akometsa kumudzi, koma Brennan anakumbukira chipinda chilichonse popanda kubisa kuzizira kwake.

Pali nthano ina ya ubwana wake imene ndaibwereza kangapo. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Ireland, amuna amfuti analowa m'nyumbamo kufunafuna bambo ake amene ankabisala, ndipo mmodzi atalowetsa mutu m'chumuni, mwaye unamukhuthukira kumaso. Atachoka, mayi ake, omwe anali amantha ndi osayankhulayankhula, anaseka mpaka kulephera kudzigwira.

Buku limene landipweteka kwambiri ndi The Visitor, limene analilemba m'zaka za m'ma 1940 koma linasindikizidwa mu 2000 litapezeka pa yunivesite ya Notre Dame. Mtsikana wina, Anastasia King, abwerera ku Dublin kuchokera ku Paris mayi ake atamwalira, akuganiza kuti wafika kwawo. Agogo ake amulandira mwaulemu, amupatsa chipinda, koma amuonetsa mosabisa kuti iye ndi mlendo amene ayenera kubwerera. Powerenga ndinakumbukira amalume anga amene anatchona ku Bulawayo zaka zoposa makumi atatu. Atabwera tinawaphera nkhuku, koma tsiku lachitatu lisanathe achibale anali atayamba kale kuwafunsa kuti, "Nanga mukhala mpaka liti?"

Zaka zomaliza za Brennan zinali zowawa. M'zaka za m'ma 1970 anayamba kudwala maganizo, ndipo nthawi ina ankagona m'kachipinda ka pafupi ndi zimbudzi za amayi ku ofesi ya The New Yorker. Anthu ambiri olemba za iye amakonda kukhazikika pamenepa, zomwe ine ndimaona kuti zimaphimba luso lake. Anamwalira mu 1993 m'nyumba yosungira okalamba ku New York, kwawo ku Ireland akudziwika ndi ochepa chabe. Nthano zake za ku Dublin zinasonkhanitsidwa mu 1997 m'buku la The Springs of Affection, ndipo mawu oyamba analemba ndi William Maxwell, mkonzi wake wa zaka zambiri.